Kasankhidwe ka osewera 11 oyamba mu Fantasy Premier League sabata iliyonse

Munthu akamaliza kugula osewera 15 mu Fantasy Premier League, mpikisano wa pa intaneti umene munthu amasankha osewera enieni a mu ligi yaikulu ya ku England n'kumapeza mapointi malinga ndi mmene asewerera, atagawa mosamala ndalama zake zoyerekezera zokwana mapaundi 100 miliyoni, amaona ngati ntchito yatha ndipo chatsala n'kudikira mapointi, pamene ntchito yolemetsa imayambira pomwepo. Pa osewera amenewa, omwe ndi magoloboyi awiri, otchinga kumbuyo asanu, osewera pakati asanu ndi akutsogolo atatu, ndi 11 okha amene mapointi awo amawerengedwa, ndipo anayi otsalawo amakhala pa benchi. Chisankho cha amene ayambe ndi amene akhale pansi chimabwera ka 38 pa sizoni, ndipo nthawi zambiri ndi chimene chimasiyanitsa anthu awiri amene ali ndi osewera pafupifupi ofanana, wina n'kukhala pamwamba pa ligi ya anzake a kuntchito, wina n'kumakwawira kumchira.

Malangizo awa akutsata malamulo a sizoni ya 2025/26, ndipo popeza eni mpikisanowu amasintha zina ndi zina chaka chilichonse, ndi bwino kuwerenganso malamulo sizoni yatsopano ikamayamba. Ndondomeko yake ndi ya mafunso otsatizana, ndipo funso loyenera kuyamba nalo si limene ambiri amayamba nalo. Ambiri amayamba ndi kufunsa kuti wodziwa mpira kwambiri ndi uti, koma funso limenelo liyenera kubwera pambuyo, chifukwa katswiri amene wakhala pa benchi ya timu yake mpaka mphindi ya 85 amaposedwa ndi mnyamata wosatchuka amene wathamanga mphindi zonse 90.

Yambani ndi nthawi yotsekera

Musanaganize za wosewera aliyense, onani tsiku ndi ola limene kusankha kutsekedwe. Kumatsekedwa kutatsala mphindi 90 kuti masewero oyamba a sabata imeneyo ayambe, ndipo ikadutsa nthawiyo simungasinthe kanthu, ngakhale osewera anu onse atakhala kuti asewera Lolemba. Masewero oyamba akakhala a 12:30 masana Loweruka ku England, kumatsekedwa 11 koloko m'mawa nthawi ya kumeneko. Kwa amene ali ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique, ku Zimbabwe kapena ku South Africa, imeneyi ndi 12 koloko masana kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndi 1 koloko masana m'miyezi inayo, chifukwa ku Britain amasintha mawotchi kawiri pa chaka, Lamlungu lomaliza la Malichi ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala. Kusintha kwa Malichi ndiko koopsa, pakuti munthu amene wazolowera 1 koloko kwa miyezi isanu amapeza kuti pakhomo patsekedwa kale ola lathunthu. Masabata ena amayamba Lachisanu usiku, ena Lachiwiri, makamaka mu Disembala pamene masewero amathithikana.

Ine ndinaphunzira zimenezi ndili m'basi Loweruka lina, netiweki ikungobwera n'kumapita, kaputeni wanga, wosewera amene mapointi ake amawerengedwa kawiri, atavulala pa masewero okonzekera a dzulo lake, ndipo pamene foni inagwira bwino kunali kutatsekedwa. Kuyambira tsiku limenelo, sabata ikangotha ndimakonzeratu timu ya sabata yotsatira mongoyembekezera, ndi kaputeni yemwe, n'kusunga, kuti magetsi akazima kapena bandulo ikatha pa nthawi yolakwika, timu imene ilowe isakhale ya sabata yatha.

Ndani alowe m'bwalo, ndipo kwa mphindi zingati

Apa ndi pofunika kukhalitsapo. Tengani osewera anu 15 mmodzimmodzi, ndipo muwagawe m'magulu atatu: amene mukutsimikiza kuti ayamba masewero a timu yawo, amene mukuwakayikira, ndi amene sasewera n'komwe. Matimu amalengeza osewera awo oyamba kutatsala mphindi 75 kuti masewero ayambe, kutanthauza kuti ngakhale mndandanda wa masewero oyambirira umatuluka kusankha kutatsekedwa kale, choncho palibe amene amasankha ataona. Aliyense amayerekeza, ndipo kusiyana kuli pa zimene wayerekezera nazo.

Gulu la osasewera ndi losavuta, komabe anthu amaphonya. Wosewera amene walandira makhadi achikasu asanu pa masewero 19 oyamba a timu yake amaletsedwa masewero amodzi, ndipo amene wafika makhadi 10 pa masewero 32 oyamba amaletsedwa awiri. Khadi lofiira lobwera chifukwa cha makhadi awiri achikasu limamudyera masewero amodzi, pamene lobwera chifukwa cha ndewu kapena kusewera moika mnzake pachiswe limamudyera atatu. Wosewera wobwerekedwa kuchokera ku timu ina ya mu ligi yomweyo saloledwa kusewera polimbana ndi timu imene inamubwereketsa, ndipo ili ndi lamulo limene limaiwalika chifukwa munthuyo amakhala ali bwinobwino, wopanda bala lililonse. Palinso mpikisano wa matimu a mayiko a mu Africa, umene umatenga osewera pakati pa sizoni: wa ku Morocco unachitika kuyambira pa 21 Disembala 2025 mpaka pa 18 Januwale 2026, ndipo wosewera wa dziko lofika patali amatha kusowa mwezi wathunthu.

Gulu la okayikitsa ndilo lofuna nzeru. Apu ya pa foni ya mpikisanowu imaika chizindikiro pa dzina la wosewera amene ali ndi vuto, chosonyeza mwayi woti asewera: 75 pa 100 aliwonse, 50, 25, kapena chofiira chosonyeza kuti palibiretu. Manambala amenewa ndi ongoyerekeza, ndipo amatsatira zimene aphunzitsi alankhula, choncho ndi bwino kumva nokha mawu a mphunzitsi pa msonkhano wa atolankhani, umene pa masewero a kumapeto kwa sabata umachitika Lachinayi kapena Lachisanu. Mphunzitsi akanena kuti wosewera wakhala akukonzekera ndi anzake sabata yonse, nkhani ndi yabwino. Akanena kuti aona mawa mmene adzukire, kapena kuti wayamba kumene kuthamanga payekha, muyeseni wokayikitsa ngakhale chizindikiro chitakhala cha 75. Kumbukiraninso kuti mphunzitsi salankhula pofuna kuthandiza inu, amalankhula akudziwa kuti mnzake wa timu inayo akumvetsera, ndipo ena amabisa dala.

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa mitundu iwiri ya kukayikitsa, ndipo amene wamvetsa kusiyana kumeneku wapulumutsa mapointi ambiri pa sizoni. Wosewera wanu akapanda kulowa m'bwalo n'komwe, wa pa benchi yanu amalowa m'malo mwake popanda inu kuchitapo kanthu, ndipo simutaya zambiri. Koma akalowa ngakhale kwa mphindi imodzi yokha, amatengedwa kuti wasewera, amakupatsani pointi imodzi, ndipo wa pa benchi amene wagoletsa amakhala pomwepo ndi mapointi ake. Choncho wosewera amene akudwala chimfine, yemwe ayamba akachira kapena atsala kunyumba akapanda kuchira, mungathe kumuyambitsa mtima uli m'malo bola benchi ikhale ndi munthu wodalirika. Amene akuchokera kovulala mnofu wa kuntchafu atakhala kunja milungu isanu ndi umodzi ndiye woopsa, chifukwa aphunzitsi amakonda kumulowetsa kwa mphindi 15 kapena 20 zomaliza pofuna kumuzolowetsa. Kuyambira sizoni ya 2022/23, timu iliyonse imaloledwa kusintha osewera asanu, ndipo zimenezi zachulukitsa anthu olowa mochedwa ndi otuluka msanga.

Malire ofunika ndi mphindi 60. Wosewera amene sanazikwanitse amapeza pointi imodzi, amene wazikwanitsa amapeza awiri, ndipo wotchinga kumbuyo amene watuluka asanafike pamenepo salandira mapointi a kusamwetsedwa chigoli ngakhale timu yake itamaliza osagoletsedwa. Tsegulani mbiri ya wosewera aliyense wokayikitsa, ndipo muone mphindi zimene wasewera pa masewero asanu kapena asanu ndi amodzi apitawo. Manambala monga 90, 90, 88, 90 akunena za munthu amene mphunzitsi sangachite popanda iye. Manambala monga 62, 58, 25, 70 akunena za munthu amene akugawana malo ndi mnzake, ngakhale dzina lake litakhala lalikulu chotani.

Onaninso zimene timu yake yachita pakati pa sabata ndi zimene ikuyembekezera. Matimu a mu Champions League amasewera Lachiwiri kapena Lachitatu, a mu Europa League ndi Conference League amasewera Lachinayi, ndipo mphunzitsi amene ali ndi masewero aakulu a ku Ulaya masiku atatu akubwerawo angathe kupumitsa katswiri wake polimbana ndi timu yofooka, ndendende pa masewero amene inu munamugulira. Pep Guardiola, amene anayamba kuphunzitsa Manchester City mu 2016, anatchuka kwambiri ndi kasinthasintha kameneka. Mu Febuluwale 2019 timu yake inali ndi masewero awiri m'sabata imodzi ya mpikisanowu, ndi Arsenal komanso Everton, ndipo anthu ochuluka anapatsa Leroy Sané, wosewera wa timuyo, ukaputeni wochulukitsa mapointi katatu. Sané sanalowe n'komwe pa masewero a Arsenal, pamene Sergio Agüero anagoletsa zitatu, ndipo pa masewero a Everton anatulutsidwa pa mphindi ya 59, kutatsala mphindi imodzi yokha kuti apeze pointi yachiwiri. Luso la Sané panalibe wolikayikira, chimene chinali chokayikitsa ndi malo ake mu timu, ndipo anthu analumpha funso limenelo.

Mmene mapointi amabwerera

Mukatsala ndi anthu amene asewere, funsani kuti aliyense ali ndi njira zingati zopezera mapointi. Chigoli cha wotchinga kumbuyo ndi mapointi 6, cha wapakati 5, cha wakutsogolo 4, ndipo wopereka mpira umene wabala chigoli amapeza 3 mosatengera malo ake. Timu ikamaliza osamwetsedwa chigoli, zimene ochita mpikisanowu amazitcha clean sheet, goloboyi ndi otchinga kumbuyo amapeza 4 aliyense, wapakati pointi imodzi, wakutsogolo osapeza kanthu. Goloboyi ndi otchinga kumbuyo amachotseredwa pointi imodzi pa zigoli ziwiri zilizonse zimene amwetsedwa. Khadi lachikasu limachotsa pointi imodzi, lofiira atatu, ndipo kuphonya penate kapena kudzigoletsa kumachotsa awiri. Osewera atatu amene achita bwino kwambiri pa masewero aliwonse amawonjezeredwa mapointi 3, 2 ndi 1.

Mu 2025/26 munabwera njira ina yatsopano imene yasintha kasankhidwe ka kumbuyo. Wotchinga kumbuyo akafikitsa 10 pa kuchotsa mpira pangozi, kutchinga mashoti, kudula mipira ya adani ndi kulanda mpira, zonse kuziphatikiza, amapeza mapointi awiri. Wapakati ndi wakutsogolo ayenera kufikitsa 12, koma kwa iwo amawerengeranso mipira imene atola itasowa mwini. Tanthauzo lake ndi lakuti wotchinga wapakatikati wa timu imene imapanikizidwa masewero onse sakhalanso wopanda ntchito pa masewero ovuta, pakuti ngakhale atamwetsedwa chimodzi angathe kutuluka ndi mapointi anayi.

Pakati pa osewera awiri amene akuoneka ofanana, yambitsani amene amamenya mapenate, makona kapena mafulikiki, chifukwa iye safunika kuti timu isewere bwino kuti apeze kanthu. Samalaninso ndi malo amene munthu amaima m'bwalo, amene nthawi zina amasiyana ndi mmene analembedwera mu mpikisanowu. John Lundstram analembedwa ngati wotchinga kumbuyo wa mapaundi 4 miliyoni mu 2019/20 pamene ku Sheffield United ankasewera pakati, ndipo tsiku limene anagoletsa ziwiri timu yake ikugonjetsa Burnley 3-0 anapeza mapointi 21, ena mwa eni ake atamusiya pa benchi poganiza kuti ndi wongodzazitsa malo. Mohamed Salah naye ankalembedwa ngati wapakati pamene ntchito yake ku Liverpool inali yogoletsa, ndipo mu 2024/25, atagoletsa zigoli 29 ndi kupereka mipira 18 yobala zigoli, anapeza mapointi 344, kuposa mbiri yake yomwe ya mapointi 303 ya mu 2017/18. Wochemerera Manchester United amene analumbira kuti wa Liverpool saponda mu timu yake anadzilanga yekha chaka chimenecho.

Za mmene wosewera wakhala akuchitira posachedwa, musangoyang'ana mapointi a sabata yatha. Munthu angathe kupeza mapointi 12 chifukwa cha shoti imodzi ya kutali imene inagunda mwendo wa mdani n'kulowa, ndipo zoterezi sizibwerezeka. Apu imasonyeza nambala yotchedwa xG, imene imayeza kuti mipata imene wosewera wapeza inali yoyenera kubala zigoli zingati, ndi inzake xA ya mipira imene wapereka. Wosewera amene sanagoletse masabata atatu koma akupeza mipata yabwino mkati mwa bokosi ndi woyenera kupitiriza kumuyambitsa. Amene wagoletsa kawiri pa mashoti awiri okha amene wamenya mwezi wonse, muyang'aneni ndi diso lokayika.

Adani ndi bwalo

Tsopano onani amene akukumana nawo ndi kumene akukumanira. Apu imapereka nambala kuyambira 1 mpaka 5 pa masewero aliwonse, yobiriwira pa osavuta ndi yofiira pa ovuta. Ndi poyambira pabwino, koma nambala imodzi singakuuzeni zinthu ziwiri zosiyana zimene mukufuna kudziwa. Kwa wakutsogolo ndi wapakati, funso ndi lakuti adaniwo amamwetsedwa zigoli zochuluka bwanji. Kwa goloboyi ndi otchinga kumbuyo, funso ndi lakuti adaniwo amagoletsa kangati. Pali matimu amene amagoletsa kwambiri n'kumamwetsedwanso kwambiri, ndipo polimbana ndi oterewa muyambitse wakutsogolo wanu, wotchinga kumbuyo akhale pansi.

Matimu ena amakhala chandamale chaka chonse. Sheffield United inamwetsedwa zigoli 104 mu 2023/24, ndipo Southampton inamwetsedwa 86 mu 2024/25 n'kumaliza ndi mapointi 12 okha, kotero kuti aliyense wokumana nawo anali woyenera kuyamba. Komabe mitundu ya pa apu imachedwa kuzindikira timu imene yasintha. Nottingham Forest inamaliza pa nambala 17 mu 2023/24, koma sizoni yotsatira inamaliza pa nambala 7, ndipo goloboyi wake Matz Sels anamaliza masewero 13 osamwetsedwa chigoli, mofanana ndi David Raya wa Arsenal. Amene anapitiriza kuiona Forest ngati timu yongodutsapo anakhumudwa masabata angapo asanadzidzimuke. Kusewera pakwawo kumathandiza, makamaka kwa matimu apakati ndi apansi, ndipo mukasowa chosiyanitsa china, sankhani amene ali pakwawo.

Kwa magoloboyi nkhani ndi yosiyana pang'ono, chifukwa mipira itatu iliyonse imene wagwira kapena kuphula imamupatsa pointi imodzi, ndipo kugwira penate kumamupatsa 5. Goloboyi wa timu yamphamvu amene wagwira mpira umodzi n'kumwetsedwa chimodzi amatuluka ndi mapointi awiri, pamene wa timu yapakati amene wagwira isanu ndi umodzi n'kumwetsedwa chimodzi amatuluka ndi anayi. Ngati muli ndi magoloboyi awiri osewera onse, yambitsani amene akukumana ndi timu yosagoletsa kwambiri, ndipo musataye usiku wonse pa nkhani imeneyi.

Kuyala timu

Lamulo likufuna goloboyi mmodzi, otchinga kumbuyo osachepera atatu ndi wakutsogolo osachepera mmodzi, ndipo kupitirira apo mayalidwe ndi anu. Musayambe ndi kunena kuti ine ndimasewera 3-4-3. Lembani kaye osewera asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi amene sangakhale pansi zivute zitani, kenaka malo otsalawo apikisanidwe, ndipo mayalidwe adzatuluka okha. Kawirikawiri mkangano weniweni umakhala pa malo amodzi, pakati pa wotchinga kumbuyo wachinayi ndi wapakati wachisanu kapena wakutsogolo wachitatu.

Tiyerekeze kuti wotchinga kumbuyo wanu akusewera pakwawo ndi timu imene ikuvutika kugoletsa, ndipo mukuona kuti masewero oterewa atati aseweredwe kawiri, kamodzi timu yake singamwetsedwe. Ali ndi mapointi awiri a kusewera, ndipo theka la mapointi anayi ndi awiri, zonse pamodzi anayi, musanawerengere za kuchotsa mipira kapena chigoli cha mutu pa kona. Wapakati wanu wotchipa akusewera koyenda, amagoletsa kamodzi pa masewero asanu ndi kupereka mpira wa chigoli kamodzi pa masewero asanu ndi amodzi. Ali ndi awiri a kusewera, pointi imodzi ya chigoli mukagawa 5 pa masewero asanu, ndi theka la pointi mukagawa 3 pa masewero asanu ndi amodzi, zonse pamodzi atatu ndi theka. Wotchinga kumbuyo ndiye ayambe. Masamu amenewa si olosera zimene zichitike Loweruka, koma amathandiza kuti musayambitse munthu chifukwa chongoti ndi wakutsogolo ndipo zigoli zimasangalatsa kuonera.

Pali mantha ena amene ndimawaona kuti ndi opanda pake, oti wakutsogolo wanga akukumana ndi goloboyi wanga, ndiye mmodzi akhale pansi. Zimene zichitike m'bwalo sizisintha chifukwa cha amene mwamuika pa benchi. Yesani aliyense payekha pomuyerekeza ndi amene angalowe m'malo mwake, ndipo ngati onse awiri akuposa a pa benchi, ayambe onse. Chimodzimodzi katswiri wodula amene akukumana ndi timu yamphamvu: munamugula chifukwa amagoletsa pena paliponse, ndipo kumukhazika pansi kuti muyambitse wa mapaundi 4.5 miliyoni amene ali ndi masewero obiriwira n'kudzichenjeretsa kumene kumapweteka kawirikawiri.

Kaputeni ndi wachiwiri wake

Mapointi a kaputeni amawerengedwa kawiri, choncho chisankho chimodzi chimenechi chimalemera kuposa mikangano yonse ya pa benchi. Mafunso ake ndi omwe aja, koma osanyengerera. Akhale munthu amene mukutsimikiza kuti ayamba ndi kukhala m'bwalo mpaka chakumapeto, wa timu imene ikuyembekezeka kugoletsa zochuluka sabata imeneyo, ndipo ngati n'kotheka akhale womenya mapenate. Masabata ambiri yankho limakhala loonekeratu ndi losasangalatsa. Mu 2022/23 Erling Haaland anagoletsa zigoli 36 mu ligi, ndipo amene ankafunafuna kaputeni wachilendo sabata iliyonse kuti aoneke wanzeru anangotsalira m'mbuyo. Kusiyana ndi gulu kuli ndi nthawi yake, makamaka chakumapeto kwa sizoni pamene mnzanu amene mukumuthamangitsa wakusiyani ndi mapointi 40 ndipo kusankha kaputeni yemweyo sikungachepetse mpatawo. Mukakhala inu otsogola, zimakukomerani kusankha amene mukuganiza kuti iye asankha.

Wachiwiri kwa kaputeni amalandira ukaputeni pokhapokha kaputeni akapanda kusewera ngakhale mphindi imodzi. Musamusankhe mongodutsa, ndipo asakhale wa masewero amodzi ndi kaputeni. Pa 2 Meyi 2021 masewero a Manchester United ndi Liverpool analephereka chifukwa ochemerera anachita zionetsero mpaka kulowa m'bwalo la Old Trafford, kusankha kutatsekedwa kalekale, ndipo amene anaika kaputeni ndi wachiwiri wake pa masewero amenewo anamaliza sabata popanda wochulukitsa mapointi.

Sabata imene matimu ena ali ndi masewero awiri, zimene zimachitika masewero oimitsidwa chifukwa cha zikho akaikidwa tsiku lina, wosewera kawiri amakhala patsogolo pa wosewera kamodzi, bola akhale woti ayambadi onse awiri. Ngakhale mutatsata zonse bwinobwino, mpira uli ndi zake. Mu Januwale 2020 Sadio Mané, amene malo ake mu Liverpool sanali okayikitsa, anavulala m'chigawo choyamba pa masewero a Wolves, n'kuphonya a West Ham, ndipo amene anamuchulukitsa katatu anapeza mapointi atatu. Nkhani ya Mané ndi tsoka, ya Sané kunali kulumpha funso, ndipo pounika sabata yanu muzisiyanitsa ziwirizi kuti musasinthe njira yabwino chifukwa cha zotsatira zoipa za tsiku limodzi.

Dongosolo la pa benchi

Goloboyi wachiwiri ali ndi malo akeake, ndipo amalowa pokhapokha woyambayo akapanda kusewera. Atatu enawo amaikidwa pa nambala 1, 2 ndi 3, ndipo amalowa motsatira manambalawo masewero onse a sabatayo akatha, malinga ngati mayalidwe akutsatirabe lamulo. Apa pali kanthu kamene kamasokoneza ambiri. Ngati mwayambitsa otchinga kumbuyo atatu okha ndipo mmodzi sanasewere, amene amalowa ndi wotchinga kumbuyo wa pa benchi, ngakhale ali pa nambala 3, chifukwa timu singatsale ndi awiri. Choncho palibe chifukwa chomuika pa nambala 1 pofuna kuteteza kumbuyo, lamulo likukutetezani kale. Ikani pa nambala 1 amene mukuyembekezera kuti apeza mapointi ochuluka mwa atatuwo. Wovulala kapena woletsedwa apite pa nambala 3, ndipo ngati mwayambitsa okayikitsa awiri, onetsetsani kuti a pa nambala 1 ndi 2 onse ndi anthu osewera masewero onse.

Mukapeza kuti osewera otsimikizika sakukwana 11, apo m'pamene muganize zogula. Sabata iliyonse mumapatsidwa mwayi umodzi wosintha wosewera kwaulere, ndipo mungathe kusunga mwayiwo mpaka kufika pa isanu, koma kusintha kopitirira apo kumadya mapointi anayi. Kulipira anayi kuti muchotse munthu amene sasewera pamene benchi ilibe womulowa m'malo kungathe kubweza, makamaka ngati wobwerayo mukhala naye masabata angapo. Kulipira anayi kuti muchotse munthu amene asewera, chifukwa chongoti wina wagoletsa sabata yatha, kumafuna kuti watsopanoyo apose wakaleyo ndi mapointi asanu musanapindule kanthu.

Dikirani misonkhano ya aphunzitsi ya Lachisanu ithe musanatsimikize timu, koma musadikire mphindi khumi zomaliza, pamene anthu mamiliyoni amalowa nthawi imodzi ndipo apu imatha kuchedwa. Kutatsala ola limodzi kapena awiri, onaninso nkhani za osewera anu okayikitsa kuchokera kwa atolankhani odalirika amene amatsatira timuyo, osati mauthenga ongotumizirana pa WhatsApp opanda mwini. Mukasintha chilichonse, dinani batani losungira timu, tulukani pa tsambalo, ndipo mulowenso kuti muone ngati chilembo C chili pa munthu amene mukufuna, V pa wachiwiri wake, ndiponso ngati a pa benchi aima monga mwawaikira.